Kunenera ndi kuneneza: batani lomwe tinalimasulira molakwa

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Kande. Tsiku lina madzulo ndili khale pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu wa M5, kudikira kuti foni ilowe moto, panafika bambo wina wachikulire yemwe timapemphera naye. Anandilonjera m'Chitonga, nafunsa za sukulu, za mvula, za kukwera mtengo kwa usipa. Patapita nthawi ndithu ndi pomwe anati: "Ada, ine ndatumidwa."

Kuti mumvetse chomwe anatumidwa, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Tili ndi kagulu ka anthu ongodzipereka, ena ali ku Mzuzu, ena ku Zomba, wina ku Johannesburg, ndipo tikumasulira m'Chichewa ndi m'Chitonga pulogalamu ina yaing'ono ya pafoni yolembera nsomba zomwe asodzi afika nazo padoko. Pulogalamuyi ndi ya open source, kutanthauza kuti malangizo onse omwe amaiyendetsa ali poyera, aliyense atha kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawira ena popanda kulipira. M'magulu otere ntchito ya munthu imawunikidwa ndi anzake pamaso pa onse. Mmodzi mwa omasulira athu ndi mayi wina wa kwathu konko, mphunzitsi wopuma. Mnyamata wina wa m'gululi, waluso ndithu pa kompyuta, atawerenga zomwe mayiwa anamasulira analemba kuti: "Apa walakwitsa. Kachichewa kako ka kunyanjaka kasiye, uzingopanga za Chitonga." Mayiwa sanayankhe. Anangosiya kutumiza ntchito, zii.

Chomwe chinandipweteka n'chakuti tinali ndi njira yolandirira nkhani zotere. Tinatenga chikalata chotchuka cha Contributor Covenant, mtundu wa 2.1, n'kuchimasulira tokha, ndipo pansi pake tinaika batani lotumizira uthenga wachinsinsi kwa atsogoleri a gulu. Pabatanipo tinalemba kuti "Nenezani". Ndine ndinasankha mawuwo. Nditawafunsa bambo aja chifukwa chomwe mayiwa sanadinire batanilo, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Akaneneze mwana? Iwo ndi kazitape?"

Chikalata cha Contributor Covenant chinalembedwa ndi Coraline Ada Ehmke mu 2014, ndipo lero chikugwiritsidwa ntchito ndi magulu ambirimbiri olemba mapulogalamu. Cholinga chake n'chabwino ndipo sindikuchinyoza: kuti munthu asathawe ntchito yomwe amaikonda chifukwa cha pakamwa pa mnzake. Chimatchula makhalidwe oyenera ndi osayenera, kenaka chimati khalidwe loipa litha kudziwitsidwa kwa atsogoleri, omwe adzafufuza mwachangu ndi mosakondera, uku akusunga chinsinsi cha wodziwitsayo. Mneni wa Chingerezi yemwe ali pamenepo ndi report. Ndiye vuto lonse lili pa mneni ameneyu.

M'Chingerezi cha m'chikalatamo, chomwe chimalandira ntchito ya mneniyo ndi khalidwe, osati munthu, ndipo chiganizo chake n'chamtundu wachitidwa, moti wochita ntchitoyo sakuoneka n'komwe. Zikumveka ngati kudziwitsa kuti mpopi wathyoka. Yesani kuchita zomwezo ndi kuneneza. Simungati "ndaneneza khalidwe". Mneniyu amafuna munthu: ndamuneneza, ndikakuneneza, anatineneza kwa ahedi. Kaphatikizo koimira wonenezedwayo kamakhala m'kati mwenimweni mwa mneni, ndipo wonenezayo amadziwa kuti wanyamula munthu kukamutula kwa wamphamvu, mwiniwake kulibe. Tonse tinaphunzira mawuwa tili ana, ndipo tinaphunzirira limodzi kuti mwana wokonda kuneneza anzake sasewera naye.

Kwa anthu amsinkhu wa mayi aja mawuwa ali ndi fungo linanso. M'zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka riferendamu ya 1993, anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu chifukwa wina anawaneneza mseri. Boma la Nkhata Bay ndi kwawo kwa Orton Chirwa, yemwe anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ukauza munthu wa zaka za m'ma 60 wa dera limeneli kuti pali kabokosi kachinsinsi komwe angaponyemo dzina la mnzake, ndipo anthu omwe sakuwadziwa akagamula, sakumva chitetezo ayi. Akumva zomwe anaziona ndi maso.

Mawu ena analipo, ndipo ndikanakhala kuti ndinadekha ndikanawaona. Kusuma n'kwa kukhoti, kumeneko ndiye ubale watha. Kumang'ala kuli pafupi ndi komweko, munthu amakamang'ala kwa mfumu kapena kupolisi, ndipo akuyembekezera chigamulo. Kutsina khutu n'kwachinsinsi koma n'kwa munthu wongoona, osati wopwetekedwa. Achinyamata amangoti "kupanga lipoti", mawu opanda fungo lililonse, koma opandanso moyo, a muofesi. Kudandaula ndiye kuli ndi kapangidwe kosiyana kwambiri. Mwininkhani wake ndi wopwetekedwayo, ndipo mneniyu safuna wolakwa kuti chiganizo chikwane: "ndikudandaula" pakokha n'chiganizo chathunthu. Tikauwonjezera msintho wochitira, munthu yemwe amalowa m'kati mwa mneni ndi womvera, osati wolakwa: ndikukudandaulirani, anawadandaulira amfumu. Wodandaula akuloza bala lake, wonenezayo akuloza mnzake. Batani lathu linkapempha mayi aja kuti aloze mwana.

Tsono taonani chomwe bambo aja anabwera kudzachita. Anadzawanenera mayiwo. Tsinde ndi lomwelo, -nen-, kusiyana kuli pa -er- ndi -ez- basi. Mneneri wa polisi kapena wa unduna amalankhula m'malo mwa omwe amutuma. Ndikudziwa kuti ena mundiyankha kuti ana amatinso "ndikakunenera kwa amayi", makamaka m'Chinyanja cha ku Zambia, ndipo n'zoona: msintho wochitira sumasankha mbali, utha kuchitira munthu zabwino kapena zoipa, monga kuphera mlendo nkhuku ndi kuphera mnzako nkhuku yake. Koma ndi pomwe pali mfundo yanga. Kunenera kumasiya khomo lotsegula. Kuneneza sindinakumvepo kukutanthauza zabwino.

Ndipo uthenga womwe bambowo ananyamula sunali pempho la chilango. Anati mayi aja sanakwiye, koma akufuna adziwe ngati iwo ndi mnyamata uja anasewerera limodzi paubwana. Aliyense wodziwa chiyankhulochi wamva kale pomwe panali bala. Mu uthenga wa mnyamatayo mulibe chitukwano n'chimodzi chomwe. Mukaumasulira m'Chingerezi n'kuupereka kwa woweruza wa ku Berlin kapena ku Portland, anena kuti ndi ndemanga yowuma chabe, ya munthu wosadziwa kusalaza mawu. Chipongwe chonse chili m'timaphatikizo: wa- m'malo mwa mwa-, u- m'malo mwa mu-, kako m'malo mwa chanu, ndi ka- wochepetsa uja wa kachichewa. Chingerezi cha lero chili ndi you mmodzi yekha, ndiye chikalata cholembedwa m'Chingerezi sichikanaganizira kuti munthu angavulazidwe ndi mlowam'malo.

Panalinso bala lachiwiri, lakuya. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kuti akaphunzitse m'zigawo za kwawo, ndipo ochokera kumpoto omwe ankagwira ntchito pakati ndi kummwera anabwezedwa. Mayi aja anali mmodzi mwa iwo. Anaphunzitsa Chichewa ana a Achewa, mpaka tsiku lomwe anauzidwa kuti alongedze. Mnyamata uja, wobadwa zonsezi zitatha, sankadziwa kuti mawu akuti "uzingopanga za Chitonga" mayiwo anawamvapo kale kuchokera ku boma. Mndandanda wa zinthu zomwe mtundu wa 2.1 umati munthu asasalidwe nazo ndi wautali: msinkhu, chilema, fuko, maphunziro, chipembedzo ndi zina. Chiyankhulo mulibe. Apa a Wikimedia anaona patali, chifukwa malamulo awo a khalidwe, omwe analengezedwa mu 2021, amatchula mwachindunji kudziwa kapena kusadziwa bwino chiyankhulo.

Tifike tsopano pa gawo lomwe ndimalitsutsa kwambiri. Kuyambira mtundu wa 2.0 wa 2019, chikalatachi chili ndi makwerero anayi a zilango, omwe maganizo ake anachokera kwa a Mozilla. Mu mtundu wa 2.1, poyamba wolakwa amalemberedwa mseri kumuuza chomwe walakwa, ndipo atha kupemphedwa kuti apepese pagulu. Kachiwiri amachenjezedwa, n'kuletsedwa kwa nthawi yoikika kulankhula ndi anthu omwe nkhaniyo ikuwakhudza. Kenaka kuimitsidwa kwa kanthawi, pomaliza kuchotsedwa kotheratu. Taonani khwerero lachiwirilo. Mankhwala ake ndi kusalankhulana. Kwathu kusalankhulana ndiye matendawo. Anthu awiri akamadutsana panjira ya kudoko osapatsana moni, mudzi wonse umadziwa kuti mlandu ulipo, sunathe. Timati "mlandu watha" pamene wolakwa wavomera, wapereka chindapusa kapena nkhuku, ndipo awiriwo agwirana chanza anthu akuona. Makwerero anayiwa amafotokoza bwino momwe munthu amatulukira m'gulu pang'onopang'ono. Momwe nkhani imathera sakunena.

Jaap van Velsen, yemwe anakhala pakati pa Atonga a m'mbali mwa nyanja m'zaka za m'ma 1950, n'kutulutsa buku lake The Politics of Kinship mu 1964, anaonetsa kuti pa milandu ya m'midzi yathu anthu sankangotsegula lamulo limodzi n'kuligwiritsa ntchito. Panali miyambo ingapo yomwe nthawi zina inkatsutsana, ya kuchimuna ndi ya kuchikazi, ndipo aliyense ankasankha womuthandiza. Mafumu a m'midzi analibe mphamvu zambiri zokakamiza munthu. Chomwe chinkagwira mudzi chinali chakuti mawa mudzafunanabe, pamaliro, paukwati, pokoka khoka. Ndikamawerenga zimenezi ndimaona kuti gulu la open source likufanana ndi mudzi wa van Velsen kuposa kampani. Palibe amalipidwa, palibe angachotsedwe ntchito, aliyense atha kunyamuka n'kukayambitsa gulu lake, monga ankachitira munthu wokwiya pokamanga mudzi wake patsidya pa mtsinje. Koma chikalata chomwe magulu otere anasankha chikulankhula ngati ofesi yoona za ogwira ntchito.

Kuti musaganize kuti ndi vuto la ife a kunyanja tokha, onani zomwe zinachitika ku Linux, pulogalamu yomwe ili mumtima mwa foni iliyonse ya Android. Mu Seputembala 2018 Linus Torvalds, yemwe anaiyambitsa, anapepesa poyera chifukwa cha ukali wa makalata ake, napuma kwa masabata angapo, ndipo gululo linatenga Contributor Covenant. Mu Novembala 2024 komiti yawo ya khalidwe inagamula nkhani ya Kent Overstreet, mlembi wa bcachefs, yemwe pokangana pa nkhani ya luso analembera Michal Hocko mawu achipongwe, mpaka kumuuza kuti akapimitse mutu. Komiti inafuna kuti apepese pagulu. Iye anati anakambirana kale ndi mnzakeyo paokha. Komiti inakana, ndipo ntchito yake sinalandiridwe pa nyengo yonse yokonza mtundu wa 6.13.

Nkhoswe iliyonse ya kwathu ikanaizindikira nkhani imeneyi msanga. Wachita chipongwe pabwalo, sungakapepesere kuseri kwa nkhokwe, chifukwa omwe anamva chipongwecho nawonso ali ndi mbali. Apa komiti inalondola. Koma nkhoswe yomweyo ikanafunsa kuti: nanga anamuperekeza ndani munthuyu? Kwathu wolakwa wouma mutu samusiya yekha maso ndi maso ndi oweruza. Amapita naye pambali amalume ake kapena mnzake yemwe amamumvera, n'kumufewetsa, ndipo nthawi zambiri mawu opepesa amayamba kutuluka pakamwa pa womuperekezayo: "Mwana wathuyu walakwa, tagwira mwendo." Wolakwayo amangowomba m'manja. Manyazi amagawana. M'chikalata chija muli anthu amitundu itatu yokha, wodziwitsa, wolakwa ndi atsogoleri. Wachinayi, wonenera, alibe dzina. Sichiletsa kuti wina adziwitse m'malo mwa mnzake, ayi, koma sichimudziwa munthu yemwe amanyamula mawu kupita nawo uku n'kubwera nalo yankho, yemwe mbali zonse zimamukhulupirira chifukwa si woweruza.

Ndinene chilungamo, alembi a chikalatachi eni ake anaona kuti china chikusowa. Mtundu wa 3.0 womwe unatuluka mu 2025 unawonjezera, pa khwerero lililonse kupatula lomaliza, mawu a momwe wolakwa angakonzere zomwe wawononga. Ndi sitepe yabwino. Komabe kukonzako akuyembekezera kuti wolakwa akuchita yekha.

Pali funso linanso lomwe makwerero a zilango sayankha: wolakwa akakhala mtsogoleri, nkhani ipita kuti? Mu Novembala 2021 gulu lonse loyang'anira khalidwe pa chiyankhulo cha kompyuta cha Rust linatula pansi udindo tsiku limodzi, ponena kuti akuluakulu a polojekitiyo sankayankha kwa wina aliyense koma kwa iwo okha. Ku Kande, nyakwawa ikakukondera umapita kwa gulupu, gulupu akalephera umakafika kwa T/A Fukamapiri. Ifenso tili ndi makwerero, koma athu ndi a mabwalo.

Pano ndiyenera kudziletsa, chifukwa n'kosavuta kwa mwana wa sukulu ngati ine kukometsera za kumudzi ndili m'laibulale. Bwalo lili ndi mano ake. Mtsikana yemwe wagwiridwa thupi ndi mphwake wa mfumu sapeza womunenera, ndipo akamupeza, nthawi zambiri uthenga womwe amabwera nawo ndi wakuti "ingokhululuka, ndi wachibale". Mawu akuti "tikambirane pachibale" aphimba nkhanza zambiri m'dziko muno. Chinsinsi chomwe Contributor Covenant imalonjeza chinaikidwa chifukwa cha anthu otere, omwe akadziwika kuti adandaula ndiye kuti aputa mavu, ndipo lamulo losalankhulana lija limateteza munthu yemwe wina akumulondalonda ndi mauthenga usiku. M'kagulu kathu momwemo muli atsikana awiri omwe atamva kuti ndikufuna kuchotsa batanilo anandikaniza kwamtuwagalu. Mmodzi anati: "Aise, iwe ukuganiza za agogo ako. Ine munthu akanditumizira zopusa ku inbox sindikufuna ankhoswe, ndikufuna achoke." Sindinapeze choyankha. Chipongwe cha mlowam'malo ndi kulondalonda munthu si mlandu umodzi, ndipo kulakwa kwa chikalatachi n'kwakuti chinatsegula khomo limodzi la zonse ziwiri. Kulakwa kwanga kunali kulemba pakhomopo mawu omwe mayi aja sakanalowera.

Nkhani ya mayiwo inatha motere. Ndinamuimbira mnyamata uja. Poyamba anakana, akuti pa intaneti aliyense ndi "iwe", ndipo m'magulu a open source anthu amayang'ana ntchito osati imvi. Ndinamufunsa ngati angalembe "walakwitsa" kwa mphunzitsi wake wa ku koleji pa WhatsApp. Anaseka. Za 1989 anali asanamvepo. Sindinamulembere kalata yochenjeza monga chikalata chimanenera, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti ndikanailemba ndi "iwe" kapena "inu", poti "inu" wa m'kalata yotere amaluma kuposa "iwe". Tinapempha mkulu wina wa m'gululi, wa ku Zomba, kuti alankhule m'malo mwake. Mkuluyo analemba pomwe panalembedwa chipongwe paja, onse akuona, kuti mwana wathu anaphonya ulemu ndipo tikupepesa kwa amayi. Mnyamatayo anawonjezera mzere umodzi pansi pake: "Pepani amayi, ndinalakwa." Ine ndinatenga foni kukawawerengera bambo aja, iwo n'kupita nawo mawuwo.

Chodabwitsa n'chakuti pa mfundo ya kumasulira yeniyeniyo mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Mayiwa anaika liwu lomwe kwathu aliyense amalimva koma msodzi wa ku Mangochi sakanalizindikira. Atabwerera anakonza okha, osatchulapo kanthu, kenaka anatumiza mndandanda wa malo asanu ndi awiri pomwe mnyamatayo anasokoneza "mu" ndi "m'" komanso kulekanitsa mawu ofunika kulumikiza. Anamulembera ndi "inu" kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Batani lija pano lili pawiri. Lina talemba kuti "Tulani dandaulo lanu mwachinsinsi", ndipo uthenga wake umapita kwa anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, omwe maina awo ali poyera. Linalo talemba kuti "Tumani wina akunenereni". Pa lachiwirili tikukanganabe, chifukwa mnzathu wa ku Johannesburg, yemwe anakulira ku Chipata, akuti iye akaliwerenga akumva ngati tikuti tumani wina akakunenezeni.